Tenisi ya amayi osewera awiriawiri ku Wimbledon: mafunso ndi mayankho

Chaka ndi chaka, kumapeto kwa June mpaka pakati pa July, okonda tenisi amatcherera khutu ku London, ku mabwalo a kapinga a All England Club. Mayina amene amamveka kwambiri ndi a osewera m'modzim'modzi. Koma m'masabata awiri omwewo, pa mabwalo omwewo, pamachitikanso mpikisano wa amayi osewera awiriawiri, ndipo mafunso ali m'munsiwa ndi okhudza mpikisano umenewo.

Kodi mpikisanowu unayamba liti?

Wimbledon inayamba mu 1877 ndi amuna okhaokha. Amayi anayamba kulimbirana chikho mu 1884, aliyense payekha. Wa awiriawiri unadikira mpaka 1913, ndipo oyamba kupambana anali Winifred McNair ndi Dora Boothby a ku Britain komweko. Kuchokera pamenepo wangolekeza pa nthawi ya nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse komanso mu 2020 chifukwa cha Covid-19. Osewera amene amadyera tenisi ngati ntchito anayamba kuloledwa mu 1968.

Si tenisi yomweyo kodi, kungoti anthu achuluka?

Ayi, ndipo amene amaganiza choncho ndi amene amasintha tchanelo masewerawa akangoyamba. Bwalo kutalika kwake ndi komweko, mamita 23.77. Chimene chimasintha ndi m'lifupi. Osewera payekha amagwiritsa ntchito mamita 8.23, pomwe awiriawiri amatenga mamita 10.97, chifukwa tinjira tiwiri ta m'mbali tija, ta mamita 1.37 kalikonse, timakhala mbali ya bwalo. Malo owonjezerawo ndi ochepa poyerekeza ndi munthu wathunthu amene wawonjezeka mbali iliyonse. Choncho mpata woponyamo mpira umachepa kwambiri.

Wosewera payekha akhoza kuima kumbuyo kwenikweni, n'kumabweza mpira kakhumi kapena kupitirira, kudikira kuti mnzake atope kapena aphonye. Kwa awiriawiri zimenezo sizitheka, chifukwa pafupi ndi ukonde pamaima munthu amene ntchito yake ndi kudukiza mpira uliwonse wodutsa mofooka. Mpira umene ukanakhala wabwinobwino pa masewera a m'modzim'modzi, wopita pakati ndi wokwera pang'ono, pano ndi mphatso kwa adani. Wolandira amayenera kubweza mpira wotsika, wopingasa, wolambalala munthu wa pa ukonde uja, apo ayi audumphitse pamwamba pa mutu wake. Mapointi ambiri amatha mpira usanamenyedwe kasanu. Kumafunika dzanja lofewa, maso akuthwa ndi kulimba mtima, chifukwa nthawi zina mpira umabwera molunjika pachifuwa uli pa liwiro loopsa, ndipo malamulo saletsa zimenezo.

Chinanso ndi kuyenda limodzi. Wina akapita kumanzere kukatola mpira, mnzake amayenera kusunthira komweko kuti atseke pakati. Zili ngati amayi awiri osinja mumtondo umodzi: wina akangosokoneza kamenyedwe, misi imagundana. Awiri odziwa kusewera kwambiri koma osamvana amagonja kawirikawiri kwa awiri apakatikati amene akhala limodzi nthawi yaitali.

Mapointi amawerengedwa bwanji?

Monga tenisi ina yonse: 15, 30, 40, kenako gemu. Zikafika 40 kwa 40, mbali imodzi iyenera kutenga mapointi awiri motsatizana. Seti imapita kwa amene afika magemu 6 ali patsogolo ndi awiri. Zikakhala 6-6 amasewera tiebreak, yomwe amapambana ndi ofika mapointi 7 ali patsogolo ndi awiri. Otenga maseti awiri mwa atatu ndiye apambana. Kuyambira 2022, seti yachitatu ikafika 6-6, tiebreak yake imakhala ya mapointi 10.

Apa pali kusiyana ndi mipikisano wamba ya WTA, bungwe loyendetsa tenisi ya amayi, imene imachitika chaka chonse. Kumeneko anafupikitsa masewera a awiriawiri: pa 40 kwa 40 amasewera pointi imodzi yokha yogamula, ndipo m'malo mwa seti yachitatu amangosewera tiebreak ya mapointi 10. Zimathandiza okonza ndondomeko ndi a kanema, koma zimapatsa mwayi mphamvu zambiri. Mpira ukhoza kungokhudza ukonde n'kugwera mbali inayo, gemu n'kupita. Ku Wimbledon amasewera seti yachitatu yathunthu, ndipo kwa ine ndi chifukwa chake chikho cha kumeneko chimalemera.

Ndani amaseva, ndipo ndani amalandira?

Onse anayi amaseva, kutanthauza kumenya mpira woyambitsa pointi, mosinthana. Timu ikasankha woyamba kuseva pa chiyambi cha seti, dongosolo limenelo silisintha mpaka setiyo ithe. Nthawi zambiri amayambitsa wa dzanja lamphamvu, kuti akhale ndi mwayi woseva magemu ochuluka. Polandira nakonso, wina amatenga mbali ya kumanja, wina ya kumanzere, ndipo sasinthana mpaka seti ina. Wa kumanzere ndi amene amakumana ndi mapointi ambiri otsekera gemu, choncho kumeneko kumakonda kuima wa mtima wodekha.

Malamulo awiri amadabwitsa anthu. Mpira wa woseva ukagunda mnzake amene waima pa ukonde, sevu imeneyo yalakwika. Koma ikagunda mnzake wa wolandira mpira usananjanje pansi, pointi imapita kwa oseva, ngakhale kuti mpirawo sukanagwera m'kabokosi koyenera.

Zala zimene wa pa ukonde amaonetsa kumbuyo kwake n'zachiyani?

Ndi chinenero cha awiriwo. Kamera ikaima kumbuyo kwa woseva, yang'anani dzanja la mnzake amene wawerama pafupi ndi ukonde. Amaliika pa msana, pamene adani sangaone. Choyamba amaloza kumene sevu ipite: kunja, pakati, kapena pathupi pa wolandira. Kenako amanena chimene iye achite. Ambiri amati chibakera chikutanthauza kuti sasuntha, pomwe chikhatho chotambasula chikutanthauza kuti awoloka kukadukiza mpira mbali inayo. Woseva amayankha ndi liwu limodzi, kuvomera kapena kukana. Akakana, zala zimasintha mpaka agwirizane.

Akavomera kuti wa pa ukonde awoloka, woseva amayenera kuthamangira mbali imene mnzakeyo wasiya. Akaiwala, theka la bwalo limakhala pululu, ndipo mumaona awiri ataima mbali imodzi akuyang'anana mpira utadutsa kale.

Palinso kaimidwe kamene wa pa ukonde amanyonyomala pa mzere wapakati penipeni, mpira n'kudutsa pamwamba pa mutu wake, kenako n'kudzambatukira kumanja kapena kumanzere. Cholinga chake ndi kusokoneza wolandira, kuti aziganiza za munthu m'malo moganiza za mpira. Ena sakonda zala, amangokumana pakati n'kunong'onezana ataphimba pakamwa ndi mipira. Kugundana manja kumene amachita pointi iliyonse ikatha, ngakhale ataitaya, si mwambo chabe. Amene waphonya mpira wosavuta amafunika kudziwa msanga kuti mnzake sanamukwiyire, chifukwa pointi yotsatira ikubwera pasanathe theka la miniti.

Amalowa matimu angati, ndipo amasankhidwa bwanji?

Matimu 64, ndipo ndi chipulula: mukagonja kamodzi, mwatuluka. Kuti munyamule chikho muyenera kupambana masewera 6. Ambiri amalowa potengera malo amene awiriwo ali pa mndandanda wa osewera wa dziko lonse akawaphatikiza. Okonza mpikisano amasunganso malo ochepa oti apereke kwa amene iwo afuna, kawirikawiri osewera a ku Britain kapena akatswiri amene akuchokera kovulala. Matimu 16 amphamvu amawamwaza pochita mayere kuti asakumane koyambirira.

Kodi awiriwo ayenera kukhala a dziko limodzi?

Ayi. Zimenezo zimafunika ku Olimpiki, osati kuno. Martina Hingis wa ku Switzerland anapambana mu 2015 ndi Sania Mirza wa ku India. Osewera amafunana okha, pena kudzera mwa aphunzitsi awo, pena pongotumizirana uthenga pa foni. Ena amagwirizana za chaka chathunthu, ena za mpikisano umodzi wokha.

Nanga m'modzi akavulala mpikisano uli mkati?

Timu yonse yatuluka. Palibe kulowetsa wina m'malo mwake.

Kapinga amasintha chiyani?

Udzu wa ku Wimbledon amaumeta kufika mamilimita 8. Pa kapinga mpira umaterereka ndipo sunjanja kwambiri ngati pa dothi la ku Paris kapena pa mabwalo olimba a ku Melbourne ndi New York. Izi zimakomera amene amathamangira ku ukonde n'kumenya mpira uli m'malere, komanso amene amadula mpira kuti ufike uli wotsika. M'masiku oyamba udzu umakhala woterera ndipo anthu amagwa. Pofika sabata yachiwiri, kumbuyo kumene oseva amaima kumakhala kutaperepeseka mpaka dothi kuoneka, ndipo mpira umatha kunjanja mosayembekezeka.

Ndi ndani amene anatchuka kwambiri pa mpikisanowu?

Wa zikho zambiri ndi Elizabeth Ryan wa ku America, amene anapambana ka 12 pakati pa 1914 ndi 1934. Zikho 6 mwa zimenezo anatenga ndi Suzanne Lenglen wa ku France. Chochititsa chidwi n'chakuti Ryan sanapambanepo chikho cha payekha ku Wimbledon. Billie Jean King anatenga 10.

Komabe anthu akamakamba za awiri amene ankaopedwa, amatchula Martina Navratilova ndi Pam Shriver. Navratilova ankamenya ndi dzanja lamanzere, Shriver ndi lamanja, wamtali, wa mikono yofika paliponse. Ku Wimbledon anapambana limodzi kuyambira 1981 mpaka 1984, ndiponso mu 1986. Mu 1984 anasesa mipikisano yonse inayi ikuluikulu, wa ku Australia, France, America ndi Wimbledon yomweyi, ndipo pakati pa 1983 ndi 1985 anapambana masewera 109 motsatizana. Amene anawaimitsa ndi Kathy Jordan ndi Elizabeth Smylie, mu fainolo ya Wimbledon ya 1985. Navratilova anali atapambanapo kale kawiri asanayambe kusewera ndi Shriver: mu 1976 ndi Chris Evert, yemwe anali mdani wake wamkulu pa masewera a payekha, ndi mu 1979 ndi King.

Kenako kunabwera pachibale, Venus ndi Serena Williams. Iwowa sankasewera awiriawiri chaka chonse, ankangotulukira pa mipikisano ikuluikulu, n'kuphwanya akatswiri a ntchitoyi ndi sevu zamphamvu. Ku Wimbledon anapambana mu 2000, 2002, 2008, 2009, 2012 ndi 2016. Pa mipikisano inayi ikuluikulu anafika mu fainolo ka 14 ndipo sanagonjepo ngakhale kamodzi. Mu 2012 anabwereranso pa kapinga yemweyo patangopita milungu yochepa n'kutenga mendulo ya golide ya Olimpiki ya London.

Wamng'ono kwambiri kupambana anali Hingis, mu 1996, ali ndi zaka 15, mnzake ali Helena Suková.

Kodi munthu wakuda woyamba kupambana anali wa banja la Williams?

Ayi, anali Althea Gibson wa ku America, mu 1956, ndipo chikho chake choyamba ku Wimbledon chinali cha awiriawiri chomwechi. Mnzake anali Angela Buxton, Myuda wa ku Britain. Onse awiri ankasalidwa m'makalabu a tenisi a nthawi imeneyo, wina chifukwa cha khungu, wina chifukwa cha mtundu, ndipo chaka chimenecho anapambana limodzi ku Paris ndi ku London. Gibson anapambananso mu 1957 ndi Darlene Hard ndi mu 1958 ndi Maria Bueno wa ku Brazil, zaka zimene anatenganso chikho cha payekha.

Nanga wochokera kuno kumwera kwa Africa alipo?

Alipo, ndipo si wapatali: Cara Black wa ku Zimbabwe, wobadwira ku Harare mu 1979. Bambo ake, Don Black, anasewerapo ku Wimbledon, ndipo anakonza mabwalo a kapinga pakhomo pawo. Ana onse atatu, Byron, Wayne ndi Cara, anakulira pa udzu umenewo ndipo onse anadzakhala akatswiri a awiriawiri. Kapinga amene amavuta osewera ambiri, kwa Cara anali wa kunyumba. Anatenga chikho cha atsikana cha Wimbledon mu 1997.

Sanali wamtali ndipo sevu yake sinali yoopsa. Chuma chake chinali pa ukonde, pamene manja ake ankayankha mpira anthu ena asanauone n'komwe. Mu 2004 anapambana chikho cha amayi awiriawiri ndi Rennae Stubbs wa ku Australia, ndipo pa mpikisano womwewo anatenganso cha mwamuna ndi mkazi ali ndi mchimwene wake Wayne. M'modzi mwa amene anawagonjetsa mu fainolo ya amayi chaka chimenecho anali Liezel Huber, wobadwira ku Durban, ku South Africa. Chaka chotsatira awiriwa anakhala mbali imodzi ndipo anapambana, n'kubwerezanso mu 2007. Huber pambuyo pake anatenga unzika wa America. Black anakhala nambala wani pa dziko lonse pa masewera a awiriawiri kwa masabata oposa 160, ndipo mu 2010 anawonjezera chikho china cha mwamuna ndi mkazi ku Wimbledon ndi Leander Paes wa ku India.

Dzina la Cara Black silimveka kwambiri kunja kwa anthu a tenisi, ngakhale m'mayiko oyandikana ndi kwawo. Akanakhala kuti anachita zomwezo pa masewera a payekha, bwenzi mwana aliyense wa sukulu akumudziwa.

Ndalama zake zimakhala zingati?

Mu 2025 opambana analandira mapaundi 680,000, oti agawane awiri, pomwe wopambana payekha analandira mapaundi 3 miliyoni. Mu 2024 zinali mapaundi 650,000 kwa awiriwo ndi 2.7 miliyoni kwa wa payekha. Amayi ndi amuna amalandira mofanana, zimene Wimbledon inayamba mu 2007. Kusiyana kumene kwatsala ndi kwa pakati pa awiriawiri ndi m'modzim'modzi, ndipo ndi kwakukulu. Kwa amene amatuluka koyambirira, akagawana n'kuchotsapo msonkho, ndege, malo ogona ndi malipiro a mphunzitsi, chotsala si chambiri.

N'chifukwa chiyani akatswiri ambiri a payekha sasewera nawo?

Amasunga thupi. Amene akufuna chikho cha payekha ali ndi masewera 7 oti apambane, ndipo kuwonjezera ena 6 ndi kuika miyendo pachiswe. Mvula ikasokoneza ndondomeko, munthu akhoza kupezeka akusewera kawiri tsiku limodzi. M'masiku a King ndi Navratilova kusewera zonse kunali chizolowezi. Lero ndi ochepa. Serena Williams anatenga zikho zonse ziwiri mu 2016. Barbora Krejčíková anayenda njira yosiyana: anayamba kudziwika pa awiriawiri, kenako n'kudzapambana chikho cha payekha cha Wimbledon mu 2024, ndipo aliyense amene anaonera anaona kuti luso la pa ukonde analitenga kuti.

Ndani akhala akupambana zaka zaposachedwapa?

Mayina atatu amabwerabwera. Kateřina Siniaková wa ku Czech Republic anapambana ndi Krejčíková mu 2018 ndi 2022. Awiriwa ankasewera limodzi kuyambira ali atsikana, anatenga zikho 7 za mipikisano ikuluikulu ndi golide wa Olimpiki ya Tokyo, kenako anasiyana kumapeto kwa 2023. Siniaková sanachedwe: mu 2024 anapambananso ndi Taylor Townsend wa ku America, wa dzanja lamanzere.

Wachiwiri ndi Hsieh Su-wei wa ku Taiwan, amene ndimati aliyense amuonereko ngakhale kamodzi. Amagwira raketi ndi manja awiri mbali zonse, samenya mwamphamvu, ndipo mpaka mpira uchoke simungadziwe kumene ukupita. Anapambana mu 2013 ndi Peng Shuai, mu 2019 ndi Barbora Strýcová, mu 2021 ndi Elise Mertens, ndi mu 2023 ndi Strýcová kachiwiri, yemwe anali atabwerera ku tenisi atabereka mwana.

Wachitatu ndi Mertens wa ku Belgium. Mu fainolo ya 2021, iye ndi Hsieh anapulumuka kawiri pamene Veronika Kudermetova ndi Elena Vesnina ankangofunika pointi imodzi kuti anyamule chikho, ndipo seti yomaliza inathera 9-7. Mu 2025 zinatembenuka: Mertens anali mbali imodzi ndi Kudermetova, ndipo amene anawagonjetsa mu fainolo anali Hsieh ndi Jelena Ostapenko.

Si fainolo iliyonse imene imakoma. Mu 2017 Ekaterina Makarova ndi Vesnina anapambana 6-0, 6-0.

Bwanji onse amavala zoyera?

Ndi lamulo la kalabuyi, ndipo limakhudza zovala, nsapato, zipewa ndi masokosi omwe. Kuyambira 2023 amayi amaloledwa kuvala kabudula wamkati wa mtundu wakuda, osewera atadandaula kuti zoyera zimawapatsa nkhawa akakhala kumwezi.

Ndani amagamula ngati mpira watuluka?

Woyimbira amakhala pa mpando wautali pambali pa ukonde. Kale ankathandizidwa ndi anthu oyang'ana mizere, koma kuyambira 2025 ntchito imeneyo imagwiridwa ndi makamera ndi kompyuta, ndipo mawu akuti mpira watuluka amachokera pa sipika.

Fainolo imachitika liti, ndipo ndingaonere bwanji?

Kwa zaka zambiri fainolo ya amayi awiriawiri inkabwera fainolo zina zitatha, pena madzulo kwambiri, anthu ambiri atanyamuka kale pa Centre Court, bwalo lalikulu la mpikisanowu. Mu 2025 anaisunthira Lamlungu lomaliza, 1 koloko masana nthawi ya ku London, fainolo ya amuna isanayambe. Mu July, Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa amakhala patsogolo pa London ndi ola limodzi, choncho kuno inali 2 koloko.

Kwa amene muli ku Britain, masewera a awiriawiri ndiwo osavuta kuwaonera pafupi. Ambiri a ndime zoyambirira amachitikira pa mabwalo ang'onoang'ono a kunja, kumene mumalowa ndi tikiti wamba ya pa geti, yotsika mtengo kuposa ya Centre Court. Tikitiyo imagulidwa tsiku lomwelo mukaima pa mzere wotchuka uja wa mu Wimbledon Park, ndipo muyenera kulawirira. Siteshoni ya sitima yapafupi ndi Southfields, pa District Line. Masewera a awiriawiri amayamba patapita masiku angapo mpikisano utatsegulidwa, choncho musapite Lolemba loyamba. Tengani ambulera, chifukwa mabwalo okhala ndi denga ndi awiri okha, Centre Court ndi No. 1 Court, ndipo mvula ikagwa ena onsewo amawafunditsa malona n'kudikira kuti ikate.